Ndigule SSD iti ya laputopu yakale ndi ndalama zochepa?

Mlembi wa gulu la alimi, Ulónguè

Akuluakulu ndi abale nonse, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumagwira makompyuta tsiku ndi tsiku. Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere ndi nyemba kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndipo kaundula wa mamembala, mabuku a ngongole za feteleza ndi mbewu, makalata ndi zithunzi za minda, zonsezi zili mu laputopu imodzi ya Lenovo ThinkPad T430 imene gulu linagula kwa munthu zaka zinayi zapitazo. Ili ndi purosesa ya Core i5, RAM (malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwira) ya 4 GB ndi hadi disiki ya 500 GB, ndipo pa malo onsewo tadzaza pafupifupi 170 GB.

Vuto lake ndi kuchedwa. Lolemba lapitali alimi asanu ndi awiri ochokera ku Dómuè analawirira kudzamva za ngongole zawo, ndipo anakhala pakhonde ndi njinga zawo nthawi yaitali ine ndikudikira kuti Excel itseguke. Kanyali ka disiki kamangoyaka osazima, ndipo ndikatchera khutu pafupi ndimamva kaphokoso kogogoda kamene kale kunalibe. Zinandipweteka mtima, chifukwa anthuwa anasiya ntchito kumunda ndipo ena mwa iwo ndi achikulire.

Komiti yavomera kutulutsa ma meticais 3,500 kuti tigule SSD, chosungira mafayilo chofulumira chimene chimalowa m'malo mwa hadi disiki, ndipo sabata yamawa ndikwera chapa (minibasi) kupita ku Tete. Ndafunsa kale pafoni. M'sitolo ina muli ya 240 GB ya dzina lodziwika imene ndalamazi zikukwanira, komanso ya 480 GB imene ndiyenera kuonjezerapo za m'thumba mwanga. Palinso mnyamata wina amene amatsatsa malonda pa WhatsApp, ndipo iye ali ndi ya 1 TB ya dzina limene sindinalimvepo, pa mtengo wofanana ndi wa 240 GB uja. Muphwa wanga amene akuphunzira kusukulu ya ukachenjede akuti zonsezi ndi zachikale, ndigule SSD ya mtundu wa NVMe chifukwa imathamanga kwambiri. Kodi ndigule iti kuti ndalama za alimi zisapite pachabe?

Wokonza makompyuta, Moatize

Achimwene, poyamba penipeni, lero lomwe koperani mabuku a ngongolewo pa fulashi kapena pa foni musanachite china chilichonse. Hadi disiki ikayamba kugogoda ndiye kuti zitsulo zake zam'kati zatopa, ndipo itha kuleka kuwerenga tsiku lililonse popanda chenjezo lina.

Tsopano za muphwa wanu. Iye sakunama kuti NVMe imathamanga, pakuti ya PCIe 3.0 imafika pa ma MB pafupifupi 3,500 pa sekondi, koma laputopu yanu ilibe polowetsa chipangizo chimenecho. T430 inatuluka mu 2012, nthawi imene malo a M.2, olowetsamo NVMe, anali asanayambe kuikidwa m'malaputopu, choncho mukagula kachidutswa kaja ka mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, mudzabwerera nako ku Ulónguè ndi kukasowa pokalowetsa. Chimene chikukwanira pamalo a disiki yanu ndi SSD ya SATA (polumikizira pofanana ndi pa hadi disiki) ya mainchesi 2.5, yooneka ngati kabokosi kopyapyala ka mamilimita 7. M'kati mwa T430 mulinso kamalo ka SSD yaing'ono yotchedwa mSATA, koma kamayenda pa liwiro la SATA II, lomwe ndi theka la malo aakuluwo, ndiponso ma SSD a mtundu umenewo asowa m'masitolo masiku ano. Musavutike nako.

Mukadziwa kuti mukufuna SATA, nkhani ya liwiro yatha, ndipo apa mpamene anthu ambiri amataya ndalama. Malire a SATA III, imene ili pamalo a disiki yanu, ndi ma gigabiti 6 pa sekondi, ndipo pogwira ntchito zenizeni zimenezi zimabwera pa ma MB pafupifupi 550. Kingston A400 amailemba ma MB 500 powerenga, Crucial BX500 amailemba 540, Samsung 870 EVO amailemba 560. Kusiyana kumeneku simungakuone potsegula Excel. Chimene mudzachione ndi kusiyana kwa SSD iliyonse yeniyeni ndi hadi disiki yanu, chifukwa m'hadi disiki muli mbale imene imazungulira ndi kamkono kamene kamayenda kufunafuna pamene pali fayilo, ndipo Windows ikamayaka imapempha timafayilo ting'onoting'ono masauzande tobalalika pambale yonseyo. Kamkono kaja kamatha nthawi kuyendayenda. Mu SSD mulibe choyenda, ndiye fayilo iliyonse imapezeka nthawi yomweyo.

Pa kukula kwake, ine ndikukulangizani ya 480 GB kapena 500 GB, ngakhale muonjezere ndalama. Ya 240 GB mukaiika, Windows idzakuonetsani 223 GB yokha, chifukwa opanga amawerengera gigabayiti ngati ma bayiti 1,000,000,000 pamene Windows imawerengera m'magulu a 1,024. Mukachotsapo 170 GB yanu mudzatsala ndi malo ochepa, ndipo zithunzi za minda zimachuluka chaka ndi chaka. Ma SSD otsika mtengo amakhala ndi gawo lina la malo awo limene amalembapo mwachangu poyamba, kenako n'kusamutsa zinthuzo pang'onopang'ono, ndipo disiki ikadzaza gawo limeneli limachepa, kulemba n'kuyamba kuchedwa. Ya 480 GB imaoneka ngati 447 GB, ndipo mudzakhala nayo zaka zambiri isanafike podzaza.

Ena amaopa kuti SSD imatha msanga chifukwa cholembedwapo. N'zoona kuti ili ndi malire, ndipo opanga amawatchula ndi zilembo za TBW, kutanthauza ma terabayiti onse amene mungalembepo. Kingston A400 ya 240 GB ili ndi 80, ya 480 GB ili ndi 160, ndipo Samsung 870 EVO ya 500 GB ili ndi 300. Tiyerekeze kuti mukulemba 20 GB tsiku lililonse, zimene mlembi wa gulu sangafikepo kawirikawiri. Ma terabayiti 160 adzakutengerani masiku 8,000, zomwe ndi zaka zopitirira 21. Laputopuyo idzakhala itapuma kalekale.

Ya 1 TB ya mnyamata wa pa WhatsApp ija musaigwire n'komwe. Mtengo wa SSD umachokera makamaka ku tizidutswa tosungira zinthu tam'kati, ndipo makampani opanga tizidutswa timeneti ndi ochepa pa dziko lonse, monga Samsung, SK hynix, Micron ndi Kioxia. Palibe njira yoti munthu agulitse malo ochuluka kanayi pa mtengo womwewo n'kupezabe phindu, pokhapokha ngati m'katimo muli china.

Mphunzitsi wa pulaimale, Tsangano

Bambo mlembi, ndikuchitira umboni mawu otsiriza a achimwene a ku Moatize, chifukwa ine zinandigwera chaka chatha. Ndinagula SSD yolembedwa 1 TB kwa munthu amene anandibweretsera pamalo okwerera chapa, ndipo ndinamulipira pafoni popanda lisiti. Bokosi linali lokongola, kompyuta inaonetsa malo onse monga analembera, ndipo kwa miyezi iwiri ndinali wokondwa. Ndinakoperamo mapulani a maphunziro, mayeso a ana ndi zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga. Tsiku lina ndikufuna kusindikiza mayeso a kalasi yachisanu, fayilo inakana kutseguka. Dzina lake linalipo, kukula kwake kunalembedwa bwinobwino, koma m'kati munalibe kanthu. Ndinayesa ina, chimodzimodzi. Zithunzi za ukwati zoposa theka zinali zitapita.

Mnyamata amene amakonza mafoni pamsika anatsegula kabokosiko ine ndikuona. Kanali kopepuka ngati bokosi la machesi lopanda machesi, ndipo m'kati munali kabolodi kakang'ono ngati chala, komatidwa ndi guluu pakona. Anandifotokozera kuti anthu achinyengo amasintha pulogalamu ya kabolodiko kuti kaziuza kompyuta kuti kali ndi malo ambiri, ndipo malo enieniwo akatha, zimene mukukopera zimangotayika kapena kufufuta zakale, kompyuta osadziwa. N'chifukwa chake chinyengochi sichioneka tsiku logula. Nambala ya wogulitsa uja inali itazima kale.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw. Imadzaza disiki yonse ndi mafayilo ake, kenako n'kuwawerenganso mmodzimmodzi kuti ione ngati zimene inalemba zilipodi. Imatenga nthawi, mwina kupitirira ola, koma ikamaliza imakuuzani malo enieni. Chonde muiyese disiki yanu musanaikemo kaundula wa alimi, ngakhale mutaigula m'sitolo yaikulu, chifukwa mayina odziwika ndi amene anthu achinyengo amakonda kuwatsanzira. Mupemphe fatura (lisiti) yolembedwa nambala ya siriyo ya chipangizocho, muone kuti nambalayo ikufanana ndi imene ili pa chipangizo chenichenicho, ndipo mufunse mwini sitolo kuti garantia yake, lonjezo lokusinthirani ikaonongeka, ndi ya masiku angati. Opanga amalemba zaka zitatu pa A400 ndi BX500, zaka zisanu pa 870 EVO, koma kwa ife okhala kuno chimene chimathandiza ndi lonjezo la sitolo imene tingabwerereko ndi chapa, osati ofesi ya kutsidya kwa nyanja.

Wophunzira za makompyuta, Tete

Akuluakulu, ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma pali mfundo ziwiri zimene ndikuona mosiyana pang'ono, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndizitchule.

Yoyamba ndi ya DRAM. A400 ndi BX500 zilibe kachidutswa ka DRAM kosungira mapu osonyeza pamene fayilo iliyonse ili, pamene 870 EVO ndi Crucial MX500 zili nako. Ma SSD a NVMe opanda DRAM amatha kubwereka pang'ono pa RAM ya kompyuta, koma a SATA alibe mwayi umenewo, ndiye ntchito ikachuluka nthawi imodzi, monga pamene Windows ikudzikonzanso inu mukukopera zithunzi, amatha kudodoma kwa kanthawi. Komanso ena otsika mtengo, makamaka aakulu, amagwiritsa ntchito tizidutswa ta QLC tosunga ma biti anayi m'kachipinda kamodzi m'malo mwa atatu a TLC, ndipo timeneti timachedwa kulemba gawo lachangu lija likatha. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, ine ndingasankhe yokhala ndi DRAM.

Yachiwiri ndi RAM. Ndi 4 GB, Windows 10 ndi Chrome zimadzaza RAM msanga, ndipo zotsala zimatayidwa pa disiki. SSD idzabisa vutoli kwambiri koma silidzatha. T430 ili ndi malo awiri a RAM ya mtundu wa DDR3, ena pansi pa kachitseko ndipo ena pansi pa kiyibodi, ndipo imalandira mpaka 16 GB. Kodi sikungakhale kwanzeru kugula ya 240 GB, ndalama zoonjezerazo n'kugulira RAM ina ya 4 GB, zithunzi n'kuzisiya pa disiki yakale? Disiki yakaleyo ikhoza kulowa pamalo a DVD pogwiritsa ntchito kachotengera kotchedwa caddy.

Ndikumbutsenso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, pamene ya T430 ndi ya m'badwo wachitatu. Laputopu imeneyi siyenera kuthiridwa ndalama zambiri.

Wokonza makompyuta, Moatize

Mng'ono wanga, zimene wanena za DRAM ndi zoona, ndipo munthu wokonza mavidiyo a maukwati ndimamuuza zomwezo. Koma taona ntchito ya achimwenewa: Excel, Word, kusindikiza ndi kukopera zithunzi kuchokera pafoni. Ndaika ma SSD opanda DRAM m'makompyuta ambiri a m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mapapelaria (masitolo a zolembera) kuno ku Moatize, ndipo eni ake amabwerera kudzathokoza. Mfundo yako yotsiriza ikutsutsanso yoyamba, pakuti ngati laputopu siyenera kuthiridwa ndalama zambiri, ndiye kuti SSD yodula si yake. Ubwino wa SATA ya 480 GB ndi woti tsiku limene gulu lidzagule kompyuta ina, idzachotsedwa n'kuikidwa m'kabokosi ka USB, n'kupitiriza ntchito.

Pa nkhani yosiya zithunzi pa disiki yakale, apo ndikukana. Disiki imene ikugogoda siingakhale malo okhawo osungirako chinthu chofunika, ndipo kuisiya ikuzungulira tsiku lonse m'malo a DVD kudzafulumizitsa kufa kwake. RAM ndi yofunikadi, koma ikhoza kudikira mwezi wina, chifukwa DDR3 yogwiritsidwa kale ntchito imapezeka kwa okonza ambiri ndipo siwonongeka kawirikawiri.

Achimwene a ku Ulónguè, pali chinthu china chimene simunatiuze: kodi batire ya laputopuyo ikusungabe moto? Ndikufunsa chifukwa nyengo ya mvula yayandikira, ndipo kwanu kumapiriko ziphaliwali zikayamba magetsi amathima mwadzidzidzi. SSD ikazimitsidwa ili pakati polemba, ikhoza kuononga fayilo imene imalembedwayo, ndipo nthawi zina mapu ake am'kati amasokonekera, disiki yonse osaonekanso. Ma SSD otsika mtengo alibe zotetezera zimene zimaikidwa m'ma SSD a maseva. Batire yosunga moto ngakhale mphindi khumi zokha ndi yokwanira kuti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino. Muyenera kudziwanso kuti SSD ikafa nthawi zambiri siyamba yagogoda ngati hadi disiki. Imangoleka, ndipo kupulumutsa mafayilo m'menemo n'kovuta kwambiri kuposa m'hadi disiki. Choncho kukopera mabuku a ngongole pamalo achiwiri kukhale chizolowezi cha Lachisanu lililonse. Za kutentha musade nkhawa. Ma SSD amenewa anapangidwa kuti azigwira ntchito mpaka madigiri 70, ndipo ngati akupirira kuno kuchigwa cha Zambezi kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ku Angónia kozizira sangavutike.

Poika, zimitsani laputopu, chotsani chaja ndi batire, masulani kachitseko ka disiki, ndipo musataye timphira ndi kachitsulo kamene kagwira disiki yakale chifukwa yatsopano idzakhala momwemo. Ine ndingakonde kuti muike Windows yatsopano kuchokera pa fulashi ya 8 GB m'malo mokopera disiki yonse, popeza kukopera disiki yodwala kumatha kuima pakati kapena kusamutsa mafayilo oonongeka. Mu BIOS, momwe mumasinthira makonzedwe a kompyuta Windows isanayake, muone kuti pa SATA pasankhidwa AHCI. Zina zonse Windows imachita yokha, kuphatikizapo TRIM, imene imauza SSD malo amene mafayilo ake afufutidwa. Mukamaliza muike CrystalDiskInfo, imene imaonetsa maola amene disiki yakhala ikuyaka ndi kuchuluka kwa zimene zalembedwapo. Ngati disiki yogulidwa ngati yatsopano ikuonetsa maola mazanamazana, mubwerere nayo kusitolo ndi fatura yanu.

Mlembi wa gulu la alimi, Ulónguè

Zikomo kwambiri nonse, ndipo pepani kuti ndachedwa kubweza mawu. Usiku womwe uja ndinakopera mabuku a ngongole pa fulashi monga munandiuzira, ndipo fayilo imodzi ya chaka cha 2022 inakana kukopeka, zimene zinandionetsa kuti disiki ija inalidi pafupi kutisiya. Mwamwayi tinali ndi pepala lake m'kabati.

Nditawerengera komiti mawu a mayi mphunzitsi a ku Tsangano, msungichuma wathu anavomera kuonjezera ndalama kuti ndisatulutse za m'thumba mwanga. Lachiwiri ndinapita ku Tete ndipo ndinagula SSD ya SATA ya 480 GB pamodzi ndi kabokosi ka USB 3.0. Mwini sitolo poyamba anafuna kungolemba mtengo pa fatura, koma nditamupempha mwaulemu analembanso nambala ya siriyo ndi kudinda chidindo. Ndinagona kwa mlamu wanga ku Matundo kuti ngati pali vuto ndibwerere kusitolo m'mawa ndisanakwere chapa. Usikuwo ndinaika SSD m'kabokosi kaja n'kuyendetsa H2testw pa laputopu ya mlamu wanga. Inatenga nthawi yopitirira ola limodzi, ndipo inamaliza popanda cholakwika chilichonse pa malo onse a 447 GB. CrystalDiskInfo nayo inaonetsa maola ochepa okha amene ine ndinaiyatsa.

Muphwa wanga ndi amene anandithandiza kuika Windows Loweruka, ndipo atatsegula laputopu anadzionera yekha kuti mulibe malo a NVMe. Tsopano ndikadina batani, ndisanamalize kukonza mapepala patebulo kompyuta imakhala itayaka, ndipo kaundula wa mamembala amatseguka nthawi yomweyo. Dzulo kunabwera amayi atatu a ku Dómuè ndipo anabwerera dzuwa lisanakwere.

Batire ndaiyesa ndipo ikusunga moto pafupifupi mphindi 25. RAM tagwirizana kuti tidzagula tikagulitsa nyemba. Disiki yakale ndaiika m'kabokosi ka USB ndipo ndaitsekera m'kabati, koma popeza ndi yodwala sindikuidalira, ndiye Lachisanu lililonse ndizikopera mabuku pa fulashi imene izisungidwa kunyumba kwa msungichuma. Achimwene a ku Moatize, ndikadzabwera kudzagula RAM, kodi ndibweretse laputopu yonse kuti muiyese pomwepo, kapena ndingojambula chithunzi cha kapepala kamene kamatidwa pa RAM imene ilimo kale n'kukutumizirani?